Gulu la Makutu

Ndinkaphunzitsa kuwotcherera zitsulo pasukulu ina ya ntchito zamanja ku Kafue, zaka zija boma linkagulitsa makampani ngati munthu amene akusamuka mawa. Sukuluyo inali mashedi awiri a malata ndi ofesi imodzi, chakumtunda kwa njanji. Kale tinkalandira anyamata amene sukulu inawakanika, koma mafakitale atayamba kuchotsa anthu, m'kalasi mwanga munadzaza abambo a imvi, ena aakulu kuposa ine. Ankabwera atavala maovolosi a ntchito zawo zakale, chifukwa ndi zokhazo zimene anatuluka nazo. Bungwe lina lakunja linali litalonjeza kuti aliyense wopambana mayeso omaliza adzapatsidwa makina ang'onoang'ono owotcherera oti akayambire payekha. Satifiketi analibe nayo ntchito abambowo. Chimene chinkawadzutsa m'mawa ndi makina amenewo.

Mmodzi wa iwo anali bambo wina wamtali, wowonda, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa makina oluka nsalu. Anzawo ankawatcha ba mudala, ndipo inenso ndiwatchula choncho muno. Kwawo kunali kum'mawa, chakufupi ndi Katete, koma anachokako ali mnyamata ndipo ana awo onse anabadwira ku Kafue. M'nyumba ya kampani anali atatulutsidwamo. Ankachita lendi zipinda ziwiri ku Nangongwe, banja likudalira tomato amene mkazi wawo ankakapikula ku Shimabala. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti akapanda kupeza makinawo atenga banja lonse kubwerera kumudzi, kumene analibe munda ndiponso kumene ana awo sanapondeko.

"Ba ticha, ngati sinizapasa ni kumunzi chabe," anatero. "Bana banga sibaziba na khasu."

Analankhula mokweza kwambiri, ine ndinangoti ndi mawu awo achibadwa.

Bwana wathu anabwera chaka chomwecho. Ndikuti bwana chifukwa ndi mmene ankafunira kuti tizimutchula, ndipo ulemu wa pakamwa suvuta kupereka. Asanabwere kwa ife anali kalaliki wogula zinthu pakampani ina imene inagwa. Chitsulo chimene ankachidziwa bwino ndi makiyi a ofesi. M'shedi ankalowa atagwira tayi kuti isade, n'kuima patali ndi benchi, akuphethiraphethira. Koma masemina ankawakonda munthu uja. Akapita ku Lusaka masiku angapo ankabwerako atanenepa masaya, ali ndi chikwama chatsopano ndi matenda atsopano oti atipatsire.

Matenda a chaka chimenecho anabwera ndi mwini wake. Anali mnyamata wophunzira bwino, wa manja osalala, amene bungwe lija linamutuma pa galimoto yoyera, ndipo bwana anatiuza kuti ndi katswiri. Mnyamatayo anatisonkhanitsa aphunzitsi tonse, wa ukalipentala, wa zomangamanga, wa zosoka ndi ine, n'kutifotokozera mwachifatse kuti anthu saphunzira mofanana. Ena amaphunzira ndi maso, ena ndi makutu, ena ndi manja. Anajambula diso, khutu ndi dzanja pa pepala lalikulu, kuopa kuti mwina ziwalozo sitikuzidziwa.

Musandimve molakwa. Zoti anthu amagwira zinthu mosiyana ndi zoona, ndipo mayi aliyense amene anaphunzitsapo ana awiri kuphika amazidziwa popanda kukwera basi ya ku Lusaka. Ine ndinali nazo njira zanga. Wina ndinkamuonetsa kamodzi basi. Wina ndinkamugwira dzanja mpaka titope tonse. Wina ndinkamusiya awononge kaye chitsulo, chifukwa sakanandikhulupirira asanapse chala. Koma zimenezi ndinkazidziwa nditakhala naye munthu milungu ingapo n'kumuona akulakwitsa, ndipo munthu yemweyo mawa lake ankatha kufuna njira ina. Katswiri wathu analibe milungu. Anali ndi m'mawa wokha, chifukwa masana ankamuyembekezera ku tauni ina.

Anaima kutsogolo kwa kalasi yanga n'kuyamba kulankhula za kudziteteza pa ntchito, maso ali pa ophunzira. Amene ankayang'ana zojambula zake anawaika m'gulu la maso. Amene ankaseweretsa zala kapena kukanda mwendo anawaika m'gulu la manja, moti bambo wina amene anali ndi mphere analowa m'gulu limenelo mosavuta. Ba mudala anakhala kutsogolo atapendeketsa mutu mbali imodzi, akumuyang'anitsitsa pakamwa osaphethira, n'kumavomera ndi mutu paliponse pamene katswiriyo wapumira. Mnyamata uja anasangalala. Anawaloza n'kunena kuti sanaonepo munthu womvetsera chonchi. Ba mudala anamwetulira n'kuwomba m'manja mwaulemu, monga amachitira munthu wa kwathu mlendo akamuloza ndi nkhope yabwino. Analowa m'gulu la makutu.

Bwana anatuma munthu kumsika kukagula nsalu zovalidwa kale za salaula, wa zosoka n'kuzidula timizere. A maso anapatsidwa kansalu kobiriwira, a manja kofiira, a makutu kachikasu, ndipo aliyense ankayenera kukabaya ndi pini pachifuwa tsiku lililonse. Abambo oti ali ndi zidzukulu ankadutsa pa siteshoni atabaya kansalu, anthu akuwacheukira. A maso ankakhala m'kalasi kuyang'ana zithunzi za anthu akuwotcherera. A manja ankabwera kwa ine ku benchi. A makutu ankalowa m'kachipinda kosungiramo katundu, mmene munali wailesi ya kaseti, n'kumamvera munthu wina wa ku Lusaka akufotokoza za ntchito yathu. Mawu ake anali okoma, osalala, ndipo ndikhoza kulumbira kuti mwini mawuwo sanapsepo ndi chitsulo chamoto.

Aphunzitsi anzanga anameza zonsezi osatafuna. Pasanathe sabata wa ukalipentala anali atadzipeza kuti iye ndi munthu wa maso, ndiye matabwa anasiya kunyamula. Wa zomangamanga ankati akamukalipira mkazi wake kunyumba amamuyankha kuti iye si wa makutu. Ankaseka kumbali, koma bwana akalowa onse ankayamikira kuti sukulu yatukuka. Nthawi imeneyo aliyense ankagwira ntchito yake ndi manja awiri, ndiye sindiwadabwa, koma ndinkawanyoza ndipo ankadziwa.

Chimene bwana anakondera dongosololi ndinachiona msanga. Malodi, timitengo tachitsulo tija timasungunuka polumikiza zitsulo, anali atadula, ndipo munthu amene akumvera kaseti satha lodi. Magulu awiri enawo, a maso ndi a makutu, ankafika ku benchi Lachisanu masana pokha, nthawi imene magetsi ankakonda kuthima. Koma mayeso omaliza anali amodzi kwa onse: ulumikize zitsulo ziwiri, woyesa azimenye ndi hamala, zikalekana walephera.

Za makutu a ba mudala ndinazidziwa mwangozi. Kuseri kwa mpanda wa waya kunkakhala mayi wina wogulitsa zitumbuwa, amenenso anachotsedwa ku makina oluka komweko. Tsiku lina nthawi yopuma, wophunzira wina akupala chitsulo ndi gilayinda moti sukanamumva mnzako ali pambali pako, ndinaona ba mudala ataima pakhomo la shedi, mayi aja ali kutali ku mpanda, onse akuyendetsa milomo popanda mawu. Ankatsegula pakamwa kwambiri, kuloza pang'ono ndi chibwano, kenako onse anaseka nthawi imodzi. Nditapita kukagula chitumbuwa ndinawafunsa mayiwo. Anati ku makina oluka aliyense ankalankhula choncho, chifukwa phokoso la mmenemo silinkalola mawu, ndipo amene anakhalamo nthawi yaitali ankatulukamo makutu atatha.

"Ba mudala aba makutu yanafa kudala," anatero akundikulungira chitumbuwa mu pepala. "Bamvela na menso chabe. Kansi imwe ba ticha simunazibe?"

Sindinkadziwa. Munthu amene amamva poyang'ana milomo, katswiri anamutsekera m'chipinda ndi wailesi yopanda milomo. Ndinaseka kaye ndili pa mpanda pomwepo, kenako mtima unandipsa.

Ba mudala ndinawaitanira kuseri kwa shedi n'kuima pamaso pawo penipeni. Ndinawafunsa ngati amamva zimene kaseti imanena. Anayang'ana uku ndi uku, nkhope itagwa. Anati amangomva kulira ngati kwa njuchi ili m'botolo, ndipo amayang'ana timawilo ta kaseti kuti adziwe ngati yatha. Ndinati ndipita kwa bwana pompano kuti awasinthe gulu. Anandigwira mkono mwamphamvu.

"Ba ticha, napapata, musakambe. Ku nchito bamene banazibika ati sibamvela ndiye banayamba kuchoka. Na kuno banatifunsa ngati tili bwino mutupi, ine ninavomela. Bakaziba bazanichosa, manje makina nizayapeza kuti?"

Ndinalonjeza kuti sindinena, ndipo sindinanene. Bwana wathu ndinkamudziwa. Anali wamantha, ndipo wamantha akapatsidwa ofesi chimene amachita mwachangu ndi kuchotsa anthu.

Ndiye tinayamba sukulu yathu ya masana, anzathu akudya. Malodi atsopano anali okhomeredwa m'kabati ya bwana, choncho ndinkatola zotsalira zimene a gulu la manja ankataya pansi. Vuto loyamba linali chigoba. Wowotcherera amavala chigoba cha galasi lakuda kuti moto usamuphe maso. Ndikavala changa milomo yanga inkabisika, iwo akavala chawo sankaona kanthu kupatula kamoto kaja. Mawu onse amene ndinazolowera kukuwira ophunzira ali pa moto, akuti chepetsa liwiro, yandikira, kweza dzanja, anakhala opanda ntchito. Vuto lachiwiri linali lakuti ine ndinaphunzira ntchitoyi ndi khutu, ndipo ndinkaphunzitsanso ndi khutu. Ndinkauza ophunzira kuti lodi ikamayenda bwino imalira ngati nsomba m'mafuta otentha, ikatalikira chitsulo imaphulikaphulika. Ba mudala ndikanawauza chiyani?

Tinapangana njira yathu. Zonse zofunika kunena ndinkazinena kaye pakhomo, poyera, nkhope yanga ili kudzuwa. Tikavala zigoba ndinkaima kumbuyo kwawo. Ndikawagogoda paphewa ndiye kuti achepetse liwiro, ndikawakankha chigongono ayandikire, ndikawatsina asiye. Ndinawatsina kambirimbiri bambo aja, munthu wamkulu kuposa ine, moti mkazi wawo akanaona zipsera akanabwera kudzandifunsa. M'malo mwa kulira kwa lodi ndinawaphunzitsa kumva kunjenjemera kwake m'dzanja, ndi kuyang'anira kadziwe ka chitsulo chosungunuka kuti kasakule kwambiri kapena kuuma. Kunena zoona inenso ndinali ndisanaganizepo kuti dzanja langa limamva zimenezi. Ndinachita kutseka makutu ndi thonje masana ena n'kuwotcherera ndekha kuti ndipeze choti ndiwauze.

Sindinama kuti anali ndi luso lobisika. Analibe. Manja awo anazolowera kulumikiza ulusi, ndipo chitsulo ankachiopa. Milungu yoyamba msoko wawo wolumikiza zitsulo unkaoneka ngati zitosi za nkhuku, ndikaumenya ndi hamala unkalekana osadikira kachiwiri. Lodi inkawakakamira pa chitsulo, iwo n'kumaikoka mwamantha, thukuta lili kamukamu. Koma sankatopa, ndipo za nshima imene ankaiphonya masana sankadandaula. Pofika nyengo yotentha msoko unayamba kugwira. Unali wonyansa ndithu, koma hamala inkabwerera. Ndinaona kuti miyezi imene inatsala ikanakwana kuti apambane, osati mwapamwamba ayi, koma kupambana basi, ndipo makina aja sankafuna zoposa pamenepo.

Ndinayesa kuwachotsa ku kaseti popanda kuulula. Ndinalowa mu ofesi n'kunena kuti ba mudala manja awo akubwera bwino, ndikuwafuna ku benchi. Bwana anatsamira pampando n'kundiyang'ana mwachisoni, mmene ankayang'anira aliyense amene sanapiteko ku semina.

"Ba ticha, iyi ni sayansi. Imwe muziba chabe kuocha vinsimbi. Uja mudala ndiye namba wani ku gulupu ya makutu. Benangu bagona, benangu bakamba nkhani, koma eve ali chabe zii, amvela. Mufuna muniwonongele ekizampo yanga?"

Ndinatuluka n'kubwerera ku benchi yanga.

Kenako kunamveka kuti a bungwe akubwera kudzaona mmene njira yatsopano ikuyendera. Sukulu inapenga. Miyala ya m'mbali mwa njira inapakidwa laimu, udzu unatchetchedwa, ndipo malodi amene ankasowa chaka chonse anatuluka m'kabati bokosi lathunthu. Bwana anasankha ba mudala kuti akhale pampando wakutsogolo m'chipinda cha kaseti, n'kuwaphunzitsa yekha mawu oti adzanene kaseti ikatha. Anawaphunzitsa atayang'anizana nawo pa tebulo, ndiye anawagwira bwinobwino. Kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike ndinawauza ba mudala kuti asadzachotse maso pa timawilo tija. Anandiuza kuti ndisadandaule, akhala akuchita zimenezi miyezi yonseyi.

Alendo anafika mochedwa: mayi mmodzi wachizungu, abambo awiri a masuti, ndi katswiri wathu uja atanenepako. Anayamba ndi shedi yanga, kumene ndinauzidwa kuti ndithethetse moto wambiri kuti zithunzi zikongole. Atapita ku chipinda cha kaseti ndinavula chigoba n'kuwatsatira, koma pakhomo panali patadzaza bwana ndi aphunzitsi anzanga, ndiye ndinaima kumbuyo ndikusuzumira pamwamba pa mapewa. Ba mudala ndinkangowaona msana. Wailesi inali pa shelefu, alendo ataima pomwepo mbali zonse ziwiri, moti kuyang'ana wailesi kunali kuwayang'anitsitsa alendowo kumaso. Munthu woleredwa ngati ba mudala sangachite zimenezo kwa akuluakulu amene abwera ndi thandizo. Anaweramitsa mutu, manja pa maondo, maso pansi. Timawilo tija sankatiyang'ananso.

Kaseti ili pakati, magetsi anathima. Mawu anaduka, gilayinda ya ku shedi inaleka, sukulu yonse inangoti zii. Ophunzira ena anadzutsa mitu. Ba mudala anapitiriza kuvomera ndi mutu pang'onopang'ono, apa ndi apo akuti, "Ee... ee." Katswiri anayamba kunong'oneza mayi wachizungu uja kuti anthu a makutu amapitiriza kusinkhasinkha mawu akatha, mayiyo n'kumavomera naye. Bwana, ali pakhomo paja kumbuyo kwa ba mudala, anaona mpata woti adzionetsere.

"Ba mudala, bauzeni balendo vamene mwapunzila lelo."

Palibe chinachitika. Mutu uja unkangovomera. Bwana anabwereza mokweza, kenako mokuwa, mpaka mawu ake anamveka ku shedi ya akalipentala. Ndinayesa kudzipanikiza kuti ndilowe koma palibe anandipatsa njira. Bambo amene anakhala nawo pafupi anawagwira bondo. Ba mudala anaganiza kuti kaseti yatha. Anaimirira, anakonza kansalu kachikasu pachifuwa, n'kunena mokweza mawu amene anapatsidwa aja.

"Zikomo kwambili balendo batu. Ise ba makutu tamvela vonse bwino-bwino, kufika kumapeto."

Wina kumbuyo anaphulika ndi chiseko, ena n'kutsatira. Sindiwaimba mlandu kwenikweni, chiseko chikakuthawa sungachibweze. Ba mudala anayang'ana nkhope za anthu mmodzimmodzi, kenako wailesi, kenako babu la kudenga. Anakhalanso pansi mwakachetechete. Pa zonse zimene ndinaona zaka zimenezo, ndipo ndinaona zambiri, palibe chimene chinandiwawa ngati kukhala pansi kumeneko.

Alendo anachoka atadya. Galimoto yawo isanafike n'komwe pa msewu wa ku Lusaka, bwana anali atawaitanitsa ba mudala mu ofesi. Anati sakuwachotsera makutu ayi, akuwachotsera bodza, ndiponso munthu wosamva ndi ngozi pamalo pa makina. Ndinalowa osagogoda. Ndinamuuza kuti bambowa akhala pa benchi yanga masana aliwonse, ndipo ngozi imene ndaiona pasukulupa ndi imodzi yokha, imene yakhala pampando wa hedi. Ndinamuuza kuti munthu amene wakhala akumutcha namba wani miyezi yonseyi sanamvepo liwu limodzi la kaseti yake, ndiye ngati akufuna wabodza ayambe wafunsa sayansi yakeyo. Ndinanena zinanso zimene sizilembeka. Koma sanasinthe maganizo. Anali atakuwa pamaso pa mzungu osayankhidwa, ndipo wina ankayenera kulipira manyazi amenewo.

Sabata yotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Lusaka, ku ofesi ya bungwe lija. Anandikhazika pa benchi mpaka masana, kenako katswiri anatuluka ndi kumwetulira kwake. Anati nkhaniyi yawaphunzitsa zambiri, ndipo akuganiza zoti pa semina yotsatira akambirane za gulu lachinayi. Za ba mudala anati zimenezo ndi za utsogoleri wa sukulu, bungwe sililowererapo. Ndinamufunsa ngati angalole kuti bambowo angobwera tsiku la mayeso lokha, hamala iweruze. Anayang'ana wotchi n'kunena kuti ndi ganizo labwino kwambiri. Anthu amtundu umenewu sakukanira, amangokuyamikira mpaka utuluke pakhomo. Palibe chimene chinatsatira.

Ndinayesanso kwa anzanga amene ankawotcherera pansi pa mitengo kumsika, kuti mwina wina awatenge azithandizira. Onse anali ndi adzukulu awo odikirira, ndipo bambo wa imvi wosamva sankamufuna. Kusukulu kaseti inapitiriza kulira, a makutu otsalawo akuwodzera pa mabenchi, tinsalu tija tikusuluka ndi dzuwa. Zinatha pambuyo pake bungwe litapeza matenda ena, bwana n'kukwezedwa kupita ku ofesi yaikulu.

Mayi wa zitumbuwa ndi amene anandiuza kuti banja la ba mudala likunyamuka. Ndinapita ku Nangongwe Loweruka m'mawa. Ndinapeza katundu ali panja, bedi lomasulidwa, mapoto m'beseni, mbaula, matumba a zovala. Ana awo anakhala pa khonde atavala nsapato zawo za m'tauni. Mkazi wawo anandipatsa mpando n'kundilonjera ndi ulemu wouma. Anati lole ya munthu wina wa kwawo imene inabweretsa nyemba ikubwerera yopanda kanthu, ndiye mwini wake wawalola kukwera kumbuyo.

Ba mudala ankamanga matabwa a bedi ndi chingwe cha mphira. Atandiona anasiya, anapukuta manja pa buluku, n'kubwera kudzaima pamaso panga. M'njira ndinali nditakonza mawu ambiri, ena opepesa, ena otukwana bwana, koma sanandipatse mpata. Anati pali chinthu chimodzi chimene chakhala chikuwavuta, ndipo amachita manyazi kufunsa munthu wina aliyense.

"Ba ticha, ija kaseti yenze kukamba chani?"

Ndinawauza pang'onopang'ono. Inkanena kuti munthu azivala nsapato zolimba, asamayang'ane moto wa lodi popanda chigoba, asamagwire chitsulo chotentha, komanso inkatchula mayina a malodi m'Chingerezi. Ikatha ankaitembenuza, mbali inayo n'kunenanso zomwezo m'mawu ena.

Anadikira akundiyang'ana pakamwa, poganiza kuti ndipitiriza.

"Ni vamene ivo chabe?"

"Ni vamene ivo chabe, ba mudala."

"Kulibe chinangu chamene sinenze kuziba?"

Ndinapukusa mutu. Anayang'ana ana awo pa khonde paja.

"Nenze kuganiza ati mwina vanzelu venze mwamene muja," anatero.

Kenako anabwerera ku matabwa aja n'kundipempha kuti ndiwagwirire mbali inayo, chifukwa lole inali pafupi kufika.